Mabatire agwera m'madimba a anthu, cut-off date sitinalengeze, mvula ili pakhomo

aMbewe:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Tikukonza sola ya 30 MW yokhala ndi BESS (mabatire akuluakulu osungira magetsi) m'chigawo chapakati, pa malo a makolo, mahekitala pafupifupi 60, minda ya chimanga, mtedza ndi soya. Layout (mapu a poika zinthu) imene atumiza a EPC (kontrakitala womanga siteshoniyo) yaika makontena a mabatire ndi switchyard kumunsi kwenikweni, moyang'anizana ndi sabusiteshoni ya 132 kV, akuti chingwe chifupike. Pa kompyuta zikuoneka bwino. Tapitako ndi GPS, ngodya imeneyo ndi madimba okhaokha: tomato, mpiru, nzimbe, zitsime zokumba pamanja, dothi lake makande ong'ambika mpaka dzanja kulowa. Kalembera wa RAP (dongosolo lolipira ndi kusamutsa anthu okhudzidwa) anachitika mu June ndipo analemba eni minda okha. Olima m'madimbamo ambiri ndi obwereka, pa mndandanda palibe. Cut-off date (tsiku lotsekera kalembera wa olipidwa) sitinalengeze chifukwa a lender (obwereketsa ndalama za projekiti) sanavomereze entitlement matrix (mndandanda wa zimene aliyense ayenera kulandira). Pano tili mu October, anthu asosa kale, ena akupanga mizere, ena agula feteleza. Mabwana akuti tisasunthe kanthu poti layout inalowa kale mu ESIA (lipoti la mmene projekiti ikhudzire chilengedwe ndi anthu) imene ili ku MEPA (bungwe la boma loona za chilengedwe). Ndiye ndilengeze cut-off ndi kalembera wobooka chonchi? Ndiwauze anthu asadzale? Kapena ndilimbane ndi a EPC asamutse mabatire? Amene munadutsamo yankhulani, PS5 (malamulo a bungwe la IFC okhudza kutenga malo ndi kusamutsa anthu) ndaiwerenga mpaka maso kuwawa.

aChirwa:
Achimwene, vuto lanu si batire ayi. Vuto ndi malo a makolo. Pezani esiteti. Ku Kasungu, ku Mchinji, ku Lilongwe kumidzi kuli maesiteti a fodya angogona, mwini wake mmodzi, pepala limodzi. Mumasaina ndi munthu mmodzi nkuyamba kukhoma ma pile. Inu mwasankha dala kukambirana ndi mudzi wonse.

Nankhoma:
Bambo Mbewe, musauze munthu aliyense kuti asadzale. Ngakhale amfumu atakuuzani kuti "ndawauza kale ana anga", kanani. Ndalama sizinalowe m'manja mwa anthu, tsiku la financial close (lotsimikizira ndalama za projekiti) simukulidziwa. Munthu akagoneka munda chaka chino inu nkuchedwa, njala ya mu February idzatchedwa dzina la kampani yanu, ndipo a lender akadzamva mudzalipira zokolola za nyengo yonseyo. Cut-off date siimitsa khasu. Imangotseka kulemba anthu atsopano ndi zinthu zatsopano zokhalitsa monga nyumba, mitengo ndi zitsime. Mbewu za pachaka azidzala mpaka mutalipira ndi kupereka notice, ndipo mukonze zodzalowa pamalopo akakolola, cha mu May kapena June.

Komanso simungatseke kalembera amene sanathe. Bwererani masabata ano njira zisanaterere, muyende dimba ndi dimba, wolima aime pakati pa dimba lake, oyandikana naye avomereze malire. Obwereka PS5 imawawerenga. Salipidwa dothi, koma mbewu, zitsime zimene anakumba, ndi thandizo lopezera polima pena. Tsiku lomaliza kalembera ameneyo ndilo cut-off yanu. Mulengeze pa msonkhano wa agulupu, kalata ipite kwa a DC, mndandanda umatidwe pa sukulu kuti wosowa dzina adandaule nthawi ikadalipo.

Onaninso maina amene analembedwa mu June aja. Ngati kuderalo nkwa chikamwini, munda ndi wa mayi ndi mbumba yake, koma wobwera ku msonkhano kudzasaina amakhala bambo. Ndinaziona pa projekiti ina ya msewu. Ndalama inalowa mu akaunti ya mkamwini, iye kugula njinga yamoto, ulendo wa kwawo. Mayi uja ankabwera pa ofesi yathu m'mawa uliwonse, mwana kumsana, kapepala ka valuation kolembedwa dzina la mwamuna atakamanga pa ngodya ya chitenje. Tinalibe chomuyankha chifukwa m'mabuku munalembedwa kuti munda walipidwa. Mufunse mwini mbumba, musangofunsa amene wakweza dzanja.

aZimba:
Za anthu ndawasiyira mayi Nankhoma, ine ndinene za dothi. Makande mwawaona ong'ambika mu October amenewo, mu January amafufuma nkukankha slab. Kontena imodzi ya mabatire a LFP yodzaza imapitirira matani 30. Ikangopendekeka zitseko sizitsekeka bwino, fumbi ndi chinyontho zimalowa, warranty yapita. Mukaumirira pamenepo ndiye kufukula makande mpaka pa dothi lolimba, kuthira gravel, kukweza platform kupitirira pofika madzi a chigumula cha 1 pa zaka 100, ngalande kuzungulira. Nanga madzi mwawatchingawo apita kuti? M'madimba a anthu amene atsala kunja kwa mpanda, ndipo adzabwera. Afunseni a EPC ngati geotech yawo (yoyeza dothi) inakumba dzenje ngakhale limodzi pa ngodya imeneyo, ndipo mwezi wanji. Pull-out test (kuyesa kulimba kwa pile poikoka) ya m'chilimwe pa makande imanama. Chichitikireni namondwe Ana mu January 2022, siteshoni ya magetsi ya Kapichira nkuima, kenako Freddy mu 2023, ine sindisainanso drawing ya kudambo popanda hydrology study. Mawu oti "agogo akuti pano sipasefukira" sakwanira. Onaninso timilatho ta pa msewu wolowera, lowbed ndi crane zidzadutsa pamenepo.

aChirwa:
Mwamva nokha. Makande, madimba, akamwini. Fodya salimidwa m'dambo, ndiye esiteti ya fodya imakhala pamtunda, madzi sakhazikika. Mavuto onse atatu atha nthawi imodzi.

aKalua:
Madala, maesiteti mukuwanenawo ine ndimawayeza. Ambiri ang'onoang'ono a m'ma 1980 anali a lease ya zaka 21, inatha kalekale osaikonzanso, ground rent ili ndi ngongole. Mwini anamwalira, ana ali kukhoti. Mukafikapo mupeza matenanti akale ndi a m'midzi yoyandikana akulimapo zaka ndi zaka, ndipo a lender amawawerenganso amenewo. Nanga esiteti ikakhala makilomita 25 kuchoka pa sabusiteshoni, laini yanu ya 132 idzadutsa m'minda ya yani? Wayleave (malo odutsa laini) ndi RAP inanso, yaitali kuposa imeneyi.

Eng. Nyirenda:
Tisanakangane za pokhala batire, aMbewe tiuzeni ntchito yake mu PPA (mgwirizano wogulitsa magetsi). Ndi yosalaza ramp ndi kugwira frequency mtambo ukadutsa, kapena yosunga magetsi a masana kuti atuluke pa peak ya madzulo? Kukula kwake kumachokera pamenepo. Ku Golomoti sola ndi 20 MW, batire 5 MW / 10 MWh, ndiye kuti maola awiri. Ya ESCOM ya ku Kanengo ya 20 MW ili payokha pa sabusiteshoni, yothandiza gridi yonse. Zinthu ziwiri zosiyana. Komanso yanuyo ndi AC-coupled kapena DC-coupled (yolumikizidwa ku mbali ya AC kapena ya DC ya ma inverter)? Ngati ndi DC, mabatire amamwazikana pafupi ndi ma inverter, nkhani ya ngodya imodzi palibe.

aMbewe:
AC-coupled bwana, 10 MW / 20 MWh, pa bus ya 33 kV. Draft ya PPA ikunena zonse ziwiri koma ndalama ili pa dispatch ya madzulo. Geotech ndafunsa, akuti anditumizira, mpaka pano zii.

Eng. Nyirenda:
Ndiye a EPC asakuopsezeni ndi chingwe. Batire ya 20 MWh, PCS (ma inverter a batire), mathiransifoma ndi mipata yake zimakwana bwinobwino pa hekitala imodzi. Kwezani zonse kumtunda, batire pamodzi ndi thiransifoma yanu ya 33/132 kV, kenako muoloke madimbawo ndi overhead ya 132. Mamita 600 kapena 700 ndi ma tower ochepa chabe. Dothi limene mwalanda ndi la pa miyendo ya tower pokha, pansi pa laini anthu apitiriza tomato ndi mpiru. Mitengo ndi nyumba ndiye ayi, nzimbe mukambirane chifukwa cha moto. Ma loss a kachidutswa kameneko safika nkomwe pa zimene HVAC (makina oziziritsa) ya makontena idzadye mu November. Point of connection sikusintha, choncho grid impact study siigwa yonse, koma a ESCOM muwalembere, ma protection setting awerengedwenso. Musayerekeze kusintha mwakachetechete.

Ndipo siyani malo a augmentation. Batire yogwira cycle tsiku lililonse imafooka chaka ndi chaka, pomwe PPA ikufunabe ma MWh omwewo. Makontena owonjezera mudzawaika pati ngati mwazungulira ponse ndi ma tracker (zotembenuza mapanelo kutsatira dzuwa)?

Nankhoma:
Za ESIA, mabwana anu akuopa zolakwika. Kusintha kochotsa projekiti m'dambo nkochepetsa impact. Lemberani a MEPA panopa fayilo ikadali pa tebulo, mufunse ngati akufuna addendum. Choopsa nkulandira satifiketi ya layout ina nkumanga ina. Koma musatenge mawu a pafoni, ikhale kalata.

aMbewe:
Zikomo mayi. Kumtunda malo alipo, pali kankhalango ka mitengo yachilengedwe mwina hekitala imodzi ndi theka, pa drawing analemba kuti tchire losagwiritsidwa ntchito. Palibe akulimapo, ndiye palibenso wolipira. Ndikuganiza zokankhira batire pamenepo.

aKalua:
Imani kaye achimwene! Pakati pa minda ya Achewa, mitengo ikuluikulu yosadulidwa, nkhuni zikusowa chonchi, inu mukuti tchire? Amenewo ndi manda, mwinanso dambwe lili momwemo. Musatumizeko mnyamata wa GPS, musaulutsepo drone. Pitani kwa amfumu mukafunse mwaulemu, iwo akuuzani pothera phazi lanu. Ine anyamata anga anakhomapo beacon m'mphepete mwa malo otere osadziwa. M'mawa mwake tinapeza ma peg onse a mbali imeneyo atazulidwa, atawaunjika bwinobwino pakati pa msewu, palibe ndi imodzi yomwe yosowa. Tinakakhala pansi pabwalo, mbuzi inapita, ntchito inaima mpaka akuluakulu atakhutira. Ndipo mpanda wanu usatseke njira yopita kumandako. Maliro sangazungulire mahekitala 60.

aChirwa:
Pa esiteti palibe dambwe.

aKalua:
Nanga matenanti akamwalira ankaikidwa kuti madala? Manda aliponso, kungoti sali pa deed plan.

aChirwa:
Alipo ochepa. Ine ndikunena za nthawi. Mwana uyu akhala zaka akuthamanga pakati pa DC, Lands ndi mafumu kuti lease ituluke, mitengo ya EPC ikutha mphamvu, pomwe pa esiteti nkungosamutsa lease. Ndakalamba ndikuona ma projekiti akufera pa malo, osati pa waya. Mudzandikumbuka.

aGomani:
Ine wa O&M (oyendetsa ndi kusamalira siteshoni) ndiwonjezere za moto, poti aliyense amaiwala mpaka August. Osaka mbewa akayatsa mapesi m'minda yoyandikana, mphepo ya Mwera ikakhala kumbuyo kwake, moto umafika pa mpanda musanamalize kuimba foni. Ndinaona ma string cable atasungunuka mzere wonse chifukwa udzu wa pansi pa mapanelo sunatchetchedwe, kontrakitala ankadikira malipiro. Pa batire musachite masewera. Kuzungulira pake pakhale gravel yokhayokha, msewu wotchinga moto kunja ndi mkati mwa mpanda, mipata ya pakati pa makontena motsatira muyezo wa chitetezo cha moto wa NFPA 855, ndipo supplier akupatseni report ya mayeso a moto a UL 9540A ya model imeneyo, osati ya mchimwene wake. Galimoto yozimitsa moto ya kukhonsolo ili kutali bwanji? Ikani thanki yanu. Muonenso kuti utsi ungalowere kuti, batire isakhale kumphepo kwa mudzi kapena sukulu.

Nankhoma:
China ndinaiwala. Valuation isagone. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu amene anayezeredwa miyezi ya m'mbuyo analandira ndalama yosagula malata amene anawerengeredwa. Mitengo ya boma ikachepa pa replacement cost (mtengo wopezera china chofanana), kampani iwonjezere, ndipo mulembe mu RAP kuti malipiro akachedwa mudzawerengeranso. Amene moyo wawo uli pa khasu, yesetsani malo kusinthana ndi malo. Ndalama ya munda imatha msanga. Koma malo olowa m'malowo muwayendere nokha, amfumu akhoza kuloza munda umene uli ndi mwini kale.

aZimba:
aGomani, madzi otsukira mapanelo mumatenga kuti kwanuko? Chifukwa aMbewe akakumba mjigo wa pampu yaikulu kumunsiko, zitsime za m'madimba zija ziphwa mu October, nkhondo ina. Permit ya NWRA (bungwe la boma loona za madzi) ayambiretu.

aGomani:
Mjigo, koma timatsuka kwambiri miyezi ya fumbi yokha, dzinja mvula imatigwirira ntchito. Yezani madziwo kaye, kunyanja ndi kuchigwa ena ndi amchere, amasiya mawanga pa galasi. Udzu ndiye timafuna kuyesa nkhosa.

Eng. Nyirenda:
Nkhosa inde, mbuzi ayi. Mbuzi imakwera pa panelo ndipo imatafuna chingwe. Koma pa tracker mumange ma cable m'mwamba ndithu, ndipo ma emergency stop akhale ndi chotchinga, nkhosa imadzikanda paliponse.

aChirwa:
Maesiteti ambiri ali ndi madamu kale, a nazale za fodya. Madzi otsukira ulere.

aGomani:
Madzi a padamu ndi matope madala, mpaka filter. Funso langa ndi la nkhosazo: zikhale za kampani kapena za anthu a m'mudzi omwe ataya podyetsera? Mabwana athu akukana za anthu, akuti m'busa aliyense wolowa pa geti afunika induction ndi PPE, ndipo ikafa imodzi mkati mwa mpanda mlandu ndi wathu. Alipo amene analemberapo mgwirizano wotere ndi VDC? Munagwirizana zotani pa za usiku, zimagona mkati kapena zimatuluka?