Za Pythagoras zija: mwana wamvetsa tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa momwe ndingathandizire mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali Fomu 3 kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ankangoloweza lamulo la masamu la Pythagoras, a² + b² = c², osadziwa chifukwa chake (pa thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, a ndi b ndi mbali ziwiri zazifupi, c ndi mbali yaitali).

Ndinatsata malangizo a achimwene amene anati tidule katoni. Tinadula mathirayango anayi ofanana, okhala ndi ngodya ya madigiri 90, mbali zake masentimita 3, 4 ndi 5, n'kujambula sikweya ya 7 mbali iliyonse. Titaika mathirayangowo m'makona, pakati panatsala sikweya imodzi yopendekeka, malo ake 25. Kenako tinawaphatikiza awiriawiri m'sikweya yomweyo, ndipo panatsala masikweya awiri, 9 ndi 16. Mathirayango ndi omwewo, ndiye malo otsalawo sangasiyane: 9 + 16 = 25, kutanthauza 3² + 4² = 5². Mtsikanayo anadula ena a miyeso ina yekha, zinatulukanso chimodzimodzi.

Amene munati kusonyeza umboni wa lamuloli ndi kutaya nthawi chifukwa mayeso a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso ku Zimbabwe, amafuna kuwerengetsa, pepani, sindikugwirizana nanu. Pa mafunso a makwerero otsamira khoma, mtsikanayo sakusokonezanso mbali yaitali ndi zinazo.

Mukamayesa, dulani ndi rula bwinobwino, ngodya ikapotoka pang'ono zidutswazo sizikumana. Katoni ya sopo ndi yabwino, pepala limapindika.