Ndithandizeni kusankha: Toyota 86 kapena Golf GTI?

Abale anga, ndigawireni nzeru. Ndikufuna galimoto yakale yoti ndizipitira kuntchito, koma Loweruka ndizikaithamangitsa pabwalo la mpikisano. M'thumba muli zochepa.

Mtima wanga unali pa Toyota 86 ya 2013, chifukwa ndi yopepuka ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Koma dzulo ndinayesa Golf GTI Mk5 (mtundu wachisanu wa Golf), turbo (chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini) itangogwira msana unamatirira kumpando. Chondidetsa nkhawa n'chakuti giyabokosi yake ya DSG, yosintha magiya yokha, inkanjenjemera ponyamuka, ndipo mwiniwake alibe pepala losonyeza kuti ankasintha oyilo wake pa makilomita 60,000 alionse. Kodi limeneli ndi vuto lalikulu?

Inu amene munazithamangitsapo, ndi iti imene mabuleki ake satentha msanga? Nanga ndalama zikatsalako, ndiyambe kugula matayala kapena mapadi a mabuleki?