Mzere wosafunika ukubwererabe mu routing table

Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu. Ndimayang'anira makompyuta pa kaofesi kena kuno ku Chipata, ndipo ina ya Windows 10 ikukanika kulowa pa intaneti pomwe zinzake zikuyenda bwinobwino. Nditalemba route print, lamulo loonetsa routing table (mndandanda wa njira zomwe kompyuta imatumizira mauthenga pa netiweki), ndinapeza mizere iwiri ya 0.0.0.0 (yomwe imasonyeza njira yotulukira ku intaneti): wina ukuloza 192.168.1.1, yomwe ndi rauta yathu, winawo ukuloza 192.168.8.1, adiresi ya kamodemu kam'thumba komwe tinakasiya kalekale. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wachiwiriwu uli ndi metric yotsika (nambala imene ikakhala yotsika njirayo imasankhidwa poyamba), choncho kompyutayo imasankha njira yakufayo. Ndinauchotsa ndi lamulo la route delete, koma ndikangozimitsa n'kuyatsanso, umabwerera pomwepo. Kodi ungakhale ukuchokera pa gateway (adiresi ya chipangizo chotulukira ku intaneti) imene wina analemba pamanja, kapena ndi pulogalamu ya VPN (yolumikiza kompyuta ku netiweki ina motetezeka kudzera pa intaneti)? Ndiyambire pati kufufuza?