Mjigo wa kumudzi: tigule chosefera kapena tiyeze kaye?

Wapampando: Abale, tisanakumane ku Katoto Loweruka, nali ganizo lafika: zopereka za chaka chino tigulire mjigo wakwathu ku Karonga chosefera madzi. Anthu ali ndi nkhawa ndi uranium, makamaka pano mgodi wa uranium wa Kayelekera watsegulidwanso. Tiyankhulepo.

Mayi a ku Chibavi: Ine ndavomera kale. Pakadali pano tiwauze aziwiritsa madzi ndi kuthira WaterGuard.

Aphunzitsi: Mayi, pepani, pamenepo ayi. WaterGuard amapha tizilombo, koma uranium ndi chitsulo chosungunuka m'madzi, sichifa. Mukawiritsa, madzi amaphwa, iye n'kutsala wochuluka mumphika. Chimodzi mwa zomwe zimamuchotsa ndi timikanda ta m'chosefera totchedwa resin. M'madzi apansi uranium amayenda atagwirana ndi carbonate, ndiye timikandato timamukola n'kutulutsa chloride, wopezekanso mu mchere wakukhitchini, m'malo mwake, ngati kusinthana chimanga ndi usipa. Koma timasankha: resin wa uranium sakola radium, chitsulo china choopsa chomwe chimapezeka limodzi ndi uranium, uyo ali ndi wake.

Achimwene a ku Luwinga: Ndiye tigule onse awiri, nkhani ithe.

Aphunzitsi: Tigulire matenda omwe sitinawapime, achimwene? Malire a uranium m'madzi akumwa omwe anaika a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi ma microgram 30 pa lita. Wakwathu ali ndi angati? Palibe pagulu pano akudziwa. Komanso miyala ina imakhala ndi uranium mwachilengedwe, mgodi ulipo kapena ayi.

Msungichuma: Ine langa ndi lina. Timikanda tikadzadza amatitsuka ndi madzi amchere, eti? Madzi amenewo akataya kuti? Kuseri kwa mjigo komwe kumamwera mbuzi? Paja tinalephera kugula mphira wa pampu miyezi 4 yathunthu.

Aphunzitsi: Funso lenileni ndi limenelo. Uranium yense wa miyezi amakathera m'chidebe chimodzi. Zotere n'zofunika kufunsa a AERA, bungwe la boma loyang'anira zinthu ngati uranium, si za komiti ya mjigo.

Mayi a ku Chibavi: Inu mukumwa madzi a damu la Lunyangwa kuno ku Mzuzu, amayi anga akumwa a mjigowo. Impso zikawonongeka mudzati tinali kuyeza?

Wapampando: Mawu amenewo ndi olemera, mayi, tawamva. Tichite chonchi: titunge madzi kawiri, pano chilimwe ndi mvula ikagwa. Aphunzitsi afunse ku Mzuni labu yomwe ingapime uranium ndi radium, ndi mtengo wake. Akupita kumudzi sabata ino ndani?

Achimwene a ku Luwinga: Ndine, Lachisanu. Mabotolo ndigule otani?

Aphunzitsi: Musagule, a labu amapereka awo. A Sobo aja asiyeni kunyumba.