Moradin wamulanda mphamvu wansembe wanga chifukwa cha kiyi, ichi ndi chilungamo?

Nyundo Yosweka: Abale ndithandizeni, usiku wonse sindinaone tulo. Timasewera Dungeons & Dragons anthu asanu, masewera a nthano omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthanomo. Ine wanga ndi wansembe wa Moradin, mulungu uja wa nyundo ndi chipala wa ma dwarf (anthu afupiafupi a m'nthanomo). Wansembeyu ndamulera miyezi 8. Ndinamulembera mbiri masamba anayi, koma DM wathu (Dungeon Master, woyendetsa masewerawo) sanawerenge, mpaka lero amalakwitsa dzina la bambo ake. Ndiye dzulo mnzathu wosewera ngati mbala anamangidwa mumzinda wa ma dwarf. Ine ndinatenga kiyi wa mlonda, n'kusula wina wofanana naye, tinamutulutsa. DM basi akuti Moradin wakufulatira, mapemphero ako sayankhidwanso. Chondiwawa n'choti wa mbalayo ndi msuweni wake wa DM, amafika mochedwa nthawi zonse, madayisi anga anabwereka kalekale osabweza, koma iye palibe chamuchitikira. Mapu amajambula ndani? Ine. Kukumbutsa anthu tsiku losewera? Ine ndemwe. Kodi malamulo amalola zimenezi? Kapena ndingosiya?

Mkulu wa Mabuku: Achimwene, DM wanu sanalakwe ngakhale pang'ono. Werengani malamulo a masewerawa a mtundu wa 3.5, a mu 2003. Wansembe akaphwanya kwambiri mwambo wa mulungu wake amataya mapemphero onse ndi mphatso za unsembe, amangotsala ndi luso lovala zodzitetezera ndi kugwira zida wamba. Moradin ndi wa lamulo ndi ubwino. Anasula ma dwarf oyamba ndi zitsulo ndi miyala yamtengo wapatali, n'kuwauzira mzimu powaziziritsa. Inu mwatenga luso lomwelo kukathyolera ndende ya ana ake, mumafuna akuombereni m'manja?

Mayi Wamadayisi: Akulu, mwadziwa bwanji kuti akusewera 3.5? Sananene. Bambo ofunsa, mukusewera mtundu uti? Buku la osewera la 2014 lilibe lamulo lolanda wansembe mphamvu, zimenezo zimakhala kwa DM.

Mkulu wa Mabuku: N'chifukwa chake osewera a masiku ano alibe mwambo. Mulungu wasanduka thumba lotapamo mphamvu basi. Moradin anathamangitsa Laduguer, mulungu mnzake, pakati pa milungu ya ma dwarf. Ndiye alephere kulanga wansembe mmodzi?

Kamtsitsi: Inu mukudandaula mapemphero? Ine DM wathu anandiphera msilikali wanga ndili kuchipatala ndi mwana. Ndinangolandira uthenga woti wagwera m'dzenje. Zaka ziwiri ndikumusewera. Mpaka lero ndikamuona munthu ameneyo mtima umandiwawa.

Aphiri a Nthabwala: Sulani kiyi wina mutsegule kabati ya msuweniyo, mukatenge madayisi anu. Moradin amenewo akhululuka.

Wodutsa: Koma anthu inu, zoti mulungu wa nyundo, mapemphero, ansembe, simukuopa? Nthawi yonseyi bwenzi mukuchita zaphindu.

Mayi Wamadayisi: Ndi nthano yongosewera, bambo, ngati sewero la pa siteji. Palibe akupembedza pano. Tibwerere ku kiyi. Ngati wansembeyo ndi wa Forge Domain, nthambi ya unsembe ya osula ija inatuluka mu 2017, pa levulo 2 amakhala ndi Artisan's Blessing. Ndi mwambo wa ola limodzi, umayala zitsulo zofanana mtengo ndi chimene ukufuna, osapitirira magolide 100, ndipo malamulo amatchula kiyi weniweni, kuti ukhoza kupanga wofanana naye ngati woyambayo uli naye m'manja. Ndiye funso langa ndi ili: ngati mphamvuyo imachokera kwa Moradin, anailoleranji kugwira ntchito ola lonse kenako n'kudzakwiya kiyi atatha? Mufunseni DM zimenezo mwaulemu.

Mkulu wa Mabuku: Mayi, kholo likakupatsa mpeni sindiye kuti lavomereza chilichonse udzadule nawo. Ndipo zoti Moradin ndi wosula yekha n'zimene zikuwononga anthu. Buku la 2014 lomwe mukulitamalo limamuika pa Knowledge, nthambi ya unsembe ya nzeru. Ndi mwini nzeru, amadziwa chimene kiyiyo anapangidwira. Ine ndayendetsa masewera zaka zambiri, wansembe wotere pa tebulo langa sangaone dalitso mpaka atalapa.

Chete Chete: Wa maphunziro kwenikweni pakati pa ma dwarf ndi Dugmaren Brightmantle, akulu. Ndipo za malumbiro amayang'anira ndi Berronar Truesilver, mkazi wa Moradin.

Mkulu wa Mabuku: Ndimawadziwa onsewo, aise, usandiphunzitse. Mutu wa onse ndi ndani? Si Moradin?

Kamtsitsi: Ingosiyani gululo achimwene. DM wokondera abale sasintha. Ine ndinachedwa kuchoka.

Chete Chete: Musasiye msanga. Pemphani ulendo wolapa. Wansembe abwerere yekha kwa oweruza a mzindawo, aulule, asungunule kiyiyo pa chipala cha m'kachisi, asulire ndendeyo loko watsopano ndi manja ake. Mu 3.5 muli pemphero la Atonement la levulo 5 lobwezeretsa wansembe wotayika. Kungakhale kusewera kokoma kuposa kuthyola ndende kuja. Za madayisi kambani padera, musaziphatikize.

Mkulu wa Mabuku: Atonement imafuna kulapa kochokera pansi pa mtima, zalembedwa. Munthuyu akulapa? Onani mmene walembera, theka lonse ndi msuweni ndi mapu. Palibe pomwe wanena kuti mbalayo inamangidwa mosalakwa kapena ayi.

Mayi Wamadayisi: Apo pokha tagwirizana. Bambo ofunsa, tiuzeni: mtundu uti wa malamulo, mbalayo inaba chiyani, ndipo DM anakuchenjezani musanasule?

Nyundo Yosweka: Zikomo nonse, ndawerenga. A Mkulu mwandilankhula mokalipa koma ndamva. Msuweni uja wangolemba pa gulu lathu kuti Loweruka sabweranso nthawi yake, ndipo DM wayankha kuti palibe vuto, tangoonani. Za kuchenjeza, anangondifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, koma amafunsa choncho nthawi zonse. Ndipo lumbiro lija ndinachita m'kachisi mwezi watha ndi nkhani ina, silikukhudzana ndi kiyi.

Mayi Wamadayisi: Lumbiro liti?

Mkulu wa Mabuku: Mwamva? M'kachisi mwa Moradin! Munalumbira chiyani, achimwene?