Amayi akumwa voriconazole, mafupa akuwawa: kodi alendronate ndi yoyenera?

Wa ku famase, Mbare:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndikupempha nzeru. Pali amayi ena achikulire amene adachira TB koma mapapo awo adagwidwa ndi aspergillosis, matenda oyambitsidwa ndi fangasi, ndipo akhala akumwa voriconazole, mankhwala olimbana ndi fangasiyo, kwa miyezi yambiri. Tsopano nthiti, mikono ndi miyendo zikuwapweteka usana ndi usiku, ndipo abwera ndi chikalata cha alendronate, mankhwala olimbitsa mafupa, chifukwa adokotala awo akuwaganizira osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa. Mtima wanga sukukhazikika kuti ndiwapatse.

Dokotala wa mafupa:
Mwachita bwino kufunsa, achimwene. Osteoporosis kawirikawiri sipweteka mpaka fupa litathyoka, choncho ine ndikukayikira voriconazole yomweyo. Mankhwalawa ali ndi maatomu 3 a fluorine, ndipo munthu akawamwa nthawi yaitali fluoride imachuluka m'magazi n'kutupitsa kachikopa kokuta mafupa, matenda amene timawatcha periostitis. Ayezedwe alkaline phosphatase (enzayimu ya m'magazi imene imakwera pa matenda ena a mafupa) ndi impso, pakuti impso ndi zimene zimatulutsa fluoride, ndipo ajambulidwe ekisire. Ululu umatha mwa odwala ambiri mankhwalawa akasiyidwa, koma kuwasinthira ku mankhwala ena a fangasi monga itraconazole kapena posaconazole kukhale m'manja mwa dokotala wawo wa mapapo.

Namwino, Highfield:
Pepani a dokotala, kodi fluoride si yomwe imalimbitsa mafupa?

Dokotala wa mafupa:
Kale madokotala ankaganizadi choncho, amayi. Kafukufuku wa ku Mayo Clinic, chipatala cha ku America, amene adafalitsidwa mu 1990 adapatsa amayi 75 mg ya sodium fluoride tsiku lililonse kwa zaka 4. Mafupa a msana adaoneka okhuthala pa makina, koma kuthyoka kwa msana sikudachepe, ndipo mafupa a m'malo ena adathyoka kwambiri. N'chifukwa chake zotsatira za DXA, makina oyeza kukhuthala kwa mafupa, mwa munthu wochuluka fluoride sindizikhulupirira msanga.

Wa ku famase, Chitungwiza:
Muwafunsenso madzi amene amamwa, popeza ambiri muno mu Harare tikudalira mijigo, ndipo ngati adakhalitsa ku Gokwe, kumeneko madzi ena a pansi ali ndi fluoride yopitirira 1.5 mg pa lita, malire a WHO. Ngati ali pa tenofovir, mankhwala a HIV, nayonso imafooketsa mafupa ndi impso, ndipo alendronate siyenera munthu amene creatinine clearance yake, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, ili pansi pa 35.

Wa ku famase, Mbare:
Zikomo kwambiri nonse. Alendronate ndiyamba ndaisunga, ndiwaimbira foni adokotala awo lero kuti magazi ayezedwe, ndipo amayiwo ndiwauza kuti asasiye voriconazole paokha.