Fomu ya kochi ikuti maola 18:30, koma osewera akukana kusaina

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni kuwerenga fomu iyi ya maola amene osewera athera pa ntchito za timu pa sabata ndisanaike dzina langa. Ndi ya timu ya atsikana ya mpira wamiyendo, Division I (gawo lapamwamba) ya NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America. Mpikisano uli mkati, makalasi anayamba kale, ndipo sabata yawo anailembetsa kuti imayamba Lolemba n'kutha Lamulungu. Kochi walemba chonchi. Lolemba kupuma. Lachiwiri 3:30, pabwalo 2:30 ndi jimu ola limodzi. Lachitatu maola 3, pabwalo 2 ndi vidiyo 1. Lachinayi masewero apakhomo, 3. Lachisanu maola 3, pabwalo, vidiyo ndi jimu ola limodzilimodzi. Loweruka ulendo, kenako pabwalo 2 ndi vidiyo 1. Lamulungu masewero akoyenda, 3. Zonse pamodzi 18:30.

Papepala palibe banga. Koma osewera awiri amene anasankhidwa kuti atsimikize fomuyi akana kusaina. Akuti kochi amayamba kuwerenga nthawi akaimba wezulo, pomwe iwo amayenera kukhala ali pabwalo mphindi 30 wezuloyo asanalire, kutenthetsa thupi ndi kochi wa jimu. Akutinso Lachinayi masewero atatha, a pabenchi anawathamangitsa mphindi 25. Ndipo Lolemba la kupumalo kaputeni anaitana anzake kukathamanga ola limodzi atavala timavesiti ta GPS toyeza mtunda ndi liwiro la wosewera. Basi yochokera ku masewero a sabata yapitayo inafika 1:30 usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba lomwelo. Sukuluyi siili mu conference (magulu a masukulu opikisana) zikuluzikulu zimene zili ndi malamulo awoawo.

aJere:
Musasaine achemwali. Tiyambe ndi mphindi 30 zija chifukwa ndi zosavuta. Bylaw 17, lamulo la NCAA la nthawi ya pulakatisi ndi masewero, safunsa kuti wezulo walira nthawi yanji. Amafunsa ngati wosewera anayenera kukhalapo pa cholinga cha masewero, komanso ngati alipo wa m'gulu la makochi amene analamula kapena akuyang'anira. Kochi wa jimu lamulo limamutchula mwachindunji kuti nayenso ndi wa m'gulumo. Choncho kutenthetsa thupiko ndi CARA, ntchito yowerengedwa m'maola a timu, kuyambira mphindi imene mwana anauzidwa kuti akhale atafika.

Werengani tsopano. Masiku a pulakatisi ndi anayi: Lachiwiri, Lachitatu, Lachisanu, Loweruka. Mphindi 30 kanayi ndi maola 2. Kuphatikiza pa 18:30 mukupeza 20:30, pomwe malire a sabata ndi maola 20. Wapitirira kale tisanakhudze n'komwe nkhani ya Lolemba. Za malire a tsiku, maola 4, Lachiwiri lafika 4:00 ndendende. Wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, koma funsani atsikanawo ngati kochi amawaimitsa mozungulira kuwalankhula pulakatisi ikatha. Mphindi 10 zokha za kuyankhula koteroko zikuswa lamulo lachiwiri pa tsiku limenelo.

Kochi akamati izi n'zazing'ono, mukumbutseni za University of Michigan. Mu Ogasiti 2009 nyuzipepala ya Detroit Free Press inatulutsa madandaulo a osewera mpira wa chiAmerika pa nthawi ya kochi Rich Rodriguez. Kafukufuku anapeza kuti timuyo inapitirira ndi maola 65, ndipo ena mwa maolawo anali a kudziwongola ndi kutenthetsa thupi komwe sikunkalembedwa. Mafomu a CARA nawonso sankafika ku ofesi m'nthawi yake. Sukuluyo inadzidulira yokha maola 130 a pulakatisi, ndipo mu Novembala 2010 NCAA inaiika pa zaka 3 zoyang'aniridwa.

Chisomo:
Pepani akuluakulu, ine ndi wamng'ono pantchitoyi. Nanga tsiku la masewero? Atsikana amafika maola awiri masewero asanayambe, amamva malangizo, amatenthetsa thupi, amasewera mphindi 90. Zonsezo zimatha maola 5. Sitikuyenera kulemba 5?

aJere:
Ayi mwanawe, pamenepo kochi walemba bwino. Tsiku la masewero limawerengedwa maola 3 basi, kaya zatha maola awiri kaya 6, pamodzi ndi zonse zokhudza masewerowo zochitika asanayambe. Ndiponso malire a maola 20 sagwira ntchito pa zokonzekera za Ogasiti makalasi kapena masewero oyamba asanafike, chimene chayambirira pa ziwirizi, komanso pa tchuthi cha sukulu ngati nyengo ya mpikisano ili mkati. Makochi ambiri amasokonekera sabata yoyamba ya makalasi, thupi likadazolowera ufulu wa Ogasiti.

Mayi Nkhoma:
Ine ndilankhule za Lachinayi, popeza ife a chipatala cha timu ndi amene timakhala titaima pomwepo zikamachitika. Makochi amaganiza kuti poti tsikulo ndi maola 3 zivute zitani, chilichonse chimene angaponyemo n'chaulere. Si choncho. Pali lamulo lapadera mu Bylaw 17.1.7 loletsa pulakatisi masewero akatha, ngakhale pa tchuthi. Kupatulako kulipo kokha pakati pa masewero a mpikisano wa magawo angapo, monga masewero awiri otsatizana a softball kapena gofu wa masiku angapo. Masewero amodzi a mpira wamiyendo Lachinayi madzulo sali m'gulu limenelo.

Ndikumvetsa chimene kochi akufuna. Amene wasewera mphindi 90 wathamanga makilomita ochuluka, wa pabenchi sanatuluke thukuta n'komwe, ndipo pakatha masabata atatu otere mphamvu zawo zimasiyana kwambiri. Tsiku limene wa pabenchiyo adzafunike mwadzidzidzi ndi limene msempha wa kuntchafu umaduka. Nkhawayo ndi yoona. Koma mankhwala ake si kuwathamangitsa anthu akutuluka m'bwalo. Lachisanu agawe timu pawiri: amene anasewera apite ku zochira, amene sanasewere apatsidwe ntchito yolemetsa. Maola amalembedwa munthu payekhapayekha, tsiku lililonse, ndiye fomu imalola zimenezi popanda vuto.

Kusiyanitsa n'kofunika apa, a Nachisale. Madzi oundana, kumanga bondo, kuwongola minofu kwa munthu amene ife tikumuthandiza ngati wodwala, zimenezo si CARA. Koma kochi akaima ndi wotchi m'manja n'kumaimba wezulo atsikana akuthamanga kuchoka pa golo ina kukafika pa inzake, musalole kuti alembe kuti kunali kuziziritsa thupi. Funsani kuti anayambitsa ndani, anathamanga ndani, ndipo wotchi inali m'manja mwa ndani.

Chisomo:
Nanga Lolemba silinafe kale chifukwa cha basi? Ndinamva kuti tsiku la ulendo silingakhale tsiku lopuma.

aZimba:
Munamva theka, Chisomo. Malamulo alipo a mitundu iwiri mu Division I ndipo apa ndi pomwe anthu amagwa. Kuyambira Ogasiti 2017, conference zodzilamulira zinakhazikitsa malamulo awoawo. Panthawiyo zinali zisanu, ACC, Big Ten, Big 12, Pac-12 ndi SEC. Kumeneko tsiku lopuma liyenera kukhala lopanda RARA, kutanthauza chilichonse chimene wosewera wakakamizidwa kuchita chifukwa cha timu ngakhale sichiwerengedwa m'maola 20: ulendo, kuyankhula ndi atolankhani, kulandira ana amene sukulu ikuwakopa, ntchito zachifundo za timu. Kumeneko kulinso maola 8 osadukiza ausiku pakati pa 9 koloko ndi 6 koloko m'mawa, masiku 7 opuma nyengo ikangotha, ndi masiku ena 14 m'chaka cha sukulu. Ngakhale kumeneko, basi ikafika pakati pa 12 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, tsikulo likhoza kukhala lopuma bola osewera apatsidwe maola 24 athunthu kuchokera pomwe amasulidwa.

Kwa masukulu ena onse, tsiku la ulendo likhoza kukhala lopuma ngati palibe CARA iliyonse tsikulo. A Nachisale anena kuti yawo siili mu zikuluzikuluzo, ndiye basi payokha sinaphe Lolemba. Chofunika kuyang'ana n'chakuti conference yanu kapena sukulu yanu sinasankhe yokha kutsatira malamulo a 2017 aja, chifukwa zimaloledwa kutero ndipo ena anatero.

Chimene chapha Lolemba, mwa kuona kwanga, ndi timavesiti tija. Kuti ntchito itchedwe yodzifunira, zinthu zinayi ziyenera kukwana zonse. Wosewera asayenere kupereka lipoti kwa kochi, ndipo wogwira ntchito aliyense amene waonerera asakanene kwa kochi. Ntchitoyo aiyambitse ndi kuipempha wosewera yekha. Pasalembedwe amene wabwera ndi amene sanabwere pofuna kukauza makochi. Ndipo pasakhale chilango kwa wosabwera kapena mphoto kwa wobwera. Tsono kavesiti ka GPS kali ndi dzina la mwini wake. Madzulo kakalumikizidwa pa kompyuta, kochi akuona pa foni yake kuti Lolemba 4 koloko anathamanga ndi anthu 14, mtunda wakuti, liwiro lakuti, ndipo 12 enawo mayina awo mulibe. Kaundula wa obwera ndi ameneyo, kungoti walembedwa ndi makina.

Nachisale:
Ndafunsa, aZimba. Mayina amatulukadi pa dashibodi imene makochi onse amaiona. Koma kochi akuti iye sanaitane munthu, ndi maganizo a kaputeni.

aZimba:
Pemphani kuona uthenga umene kaputeni anatumiza pa gulu la timu. Mukapezamo mawu ngati akuti "kochi wati", nkhani yathera pomwepo. Ngakhale musawapeze, funsani kuti makiyi a kabati ya mavesiti anapereka ndani, ndiponso amene analemba kuti athamange kangati ndani. Kaputeni sagona n'kulota yekha ndondomeko ya mphindi 4 kuthamanga, mphindi 3 kupuma, kanayi.

Ndiwonjezepo kanthu kamodzi. Mukamafunsa osewera ngati anapita mwa kufuna kwawo, musawafunse pagulu, ndipo musadalire yankho la mwana wochokera kunja amene sukulu yake yonse ikulipiridwa ndi mpirawo. Ana akwathu makamaka anakula osakana mkulu. Adzakuuzani kuti zinali bwino. Mufunseni funso lina: ukanapanda kupita, ukuganiza kuti ukanayamba nawo masewero a Lachinayi?

aJere:
Ndiye tiphatikize. Amene anathamanga Lolemba ali pa 21:30, apitirira ndi 1:30, ndipo sabata imeneyo sanapume tsiku ndi limodzi lomwe. Amene sanapite ali pa 20:30, apitirira ndi mphindi 30. A pabenchi ali ndi nkhani yachitatu ya pulakatisi yoletsedwa. Musasakanize, lembani mzere wa munthu aliyense.

Izi zikakhala za sabata imodzi ndipo mwazitulukira nokha, kawirikawiri zimakhala Level III, gulu la zolakwa zazing'ono. Mumazinena nokha kudzera pa RSRO, njira ya pa intaneti yoperekera malipoti ku NCAA, n'kudziwitsa conference monga mwa dongosolo lake. Chilango chimene masukulu amadzipatsa nthawi zambiri ndi kuwirikiza kawiri: ola limodzi lopitirira, maola awiri odulidwa. Choncho 1:30 ikubala maola 3, sabata yolipira malire akhale 17. Tsiku lopuma limene linadyedwa, perekani awiri m'malo mwa limodzi. Kochi alandire kalata ndi maphunziro a malamulo, kochi wa jimu akhalepo. Koma musanalembe kuti ndi sabata imodzi, bwererani m'mbuyo. Ngati mphindi 30 zija akhala osazilemba chiyambire makalasi, onjezani maola 2 pa fomu iliyonse muone kuti ndi masabata angati amene adutsa 20. Sabata iliyonse imene analemba kupitirira 18 yagwa. Lipoti lonena sabata imodzi pomwe zinali zisanu limavuta kwambiri kuposa kulakwa kwenikweniko.

Mayi Nkhoma:
Sabata ya maola 17 ndi yotheka, musamuope kochi akamakuwa. Masewero awiri adya 6, kutsala 11. Masiku awiri opuma, Lolemba ndi Lachisanu. Atsala Lachiwiri, Lachitatu ndi Loweruka, ndipo palibe kochi wanzeru amene amagwiritsa timu maola 4 mawa lake kuli masewero. Lachiwiri 4, Lachitatu 3, Loweruka 3, kutenthetsa thupi kuli momwemo, mwafika 16. Chimene chidzamupweteke si maolawo koma Lachisanu, chifukwa ndi tsiku la vidiyo ya masewero apitawo komanso la a pabenchi lija ndanenali. Vidiyo asamutsire Loweruka. Asayese kuwatumizira tizidutswa ta vidiyo pa foni Lachisanu n'kumati aliyense ayankhe pofika madzulo, imeneyo ndi ntchito yolamulidwa pa tsiku lopuma ndipo mubwereranso pa RSRO. Ovulala abwere kwa ife Lachisanu monga mwa nthawi zonse, chithandizo sichiphwanya tsiku lopuma.

Za mavesiti, njira yachidule ndi kutseka kabati pa tsiku lopuma. Ngati a chipatala tikufuna manambala a mwana amene akuchira, akhale pa akaunti imene makochi saitsegula.

Chisomo:
Kodi sangangosintha sabatayo kuti iziyamba Lachiwiri, kuti masamu akhale bwino?

aZimba:
Sangathe. Sukulu imasankha yokha masiku 7 otsatizana amene ikuwatcha sabata, koma ikasankha, sisintha mpaka gawo limenelo la nyengo litatha. Nyengo ya mpira wamiyendo ndi masiku 132 ogawika pawiri, ndiye akafuna kusintha adikire gawo lachiwiri. Ndipo a Nachisale, muyang'anenso kalendala ya masiku 132 imeneyo. Masiku opuma olamulidwa sawerengedwa m'menemo, choncho Lolemba lija linachotsedwa ngati lopuma pomwe tsopano tapeza kuti linali la ntchito. Libwezereni m'chiwerengero.

Nachisale:
Zikomo akuluakulu, kalendala ija ndikanaiphonya. Ndatulutsa mafomu onse chiyambire makalasi. Awiri ali pa 18:30 ndi 19, enawo ali pansi pa 18, ndiye lipoti likhala la masabata awiri. Pa fomu yatsopano ndachotsa bokosi lakuti "nthawi ya pulakatisi" n'kuika awiri: nthawi imene osewera anauzidwa kufika, ndi nthawi imene womaliza anamasulidwa. Mayi Nkhoma, ndingakonde mutandilembera mawu awiri atatu osiyanitsa kuziziritsa thupi ndi kuthamangitsa, ndikawerengere makochi pa msonkhano wa Lachitatu 8 koloko.

Mayi Nkhoma:
Ndikutumizirani usiku uno. Kochi wa jimu mumuitane padera msonkhanowo usanayambe, chifukwa wotchi ya mphindi 30 ija amagwira ndi iyeyo ndipo fomu sanaionepo.